Kuika dzino la implante kumtunda pafupi ndi mphako ya m'tsaya: kodi ndivomere opaleshoni yokweza sinasi?

Mphunzitsi wa ku Ulónguè analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndine bambo wa zaka 54, ndimaphunzitsa kuno ku Ulónguè m'boma la Angónia, ndipo ndabwera ndi nkhani imene yandisowetsa tulo kuyambira mwezi watha. Mano anga awiri otafunira a kumtunda, mbali ya kumanzere, anachoka kalekale. Loyamba linazulidwa zaka 7 zapitazo litabooka mpaka kufika pamtsempha, ndipo lachiwiri linatsatira patangopita zaka ziwiri. Kuyambira pamenepo ndimatafunira mbali imodzi yokha, chimanga chootcha ndi nzimbe ndinazisiya, ndipo tsopano dzino la m'munsi limene linatsala lopanda lokumana nalo layamba kutalika kulowera mumpata uja.

Nditapita ku mzinda wa Tete pa ntchito zina, ndinalowa m'chipatala cholipira cha mano kukafunsa za mano oikirira osachotseka aja, amene amati implante. Adokotala anandijambula chithunzi chachikulu choonetsa nsagwada zonse ziwiri, kenako anandilozera malo akuda amene ali pamwamba pa mpatawo. Anati imeneyo ndi mphako ya mpweya ya m'tsaya, imene m'Chipwitikizi amati seio maxilar ndipo ena amangoti sinasi, komanso kuti fupa limene latsala pakati pa nkhama ndi mphakoyo ndi lokwana mamilimita 4 okha. Malinga ndi iwo, kachitsulo sikangakhazikike pamenepo pokhapokha ataboola fupa cham'mbali, kukweza pansi pa mphakoyo ndi kuthiramo ufa wa fupa, ndipo ntchito yonse ingatenge pafupifupi chaka.

Ndinamvetsera mwaulemu koma ndinatuluka mantha atandigwira. Mayi a kunyumba akuti kachitsuloko kangathe kufika kudiso, ndipo mnzanga wina wa kuntchito akuti munthu akaboola pamenepo amakhala ndi chimfine moyo wake wonse. Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti chaka chilichonse, kukazizira mu June ndi July, mphuno yanga ya kumanzere imatseka kwa milungu, ndipo ndikawerama pomanga nsapato tsaya limalemera ngati muli mwala.

Ndikupempha amene mukudziwa mundithandize. Kodi opaleshoni imeneyi ndi yoopsa motani kwenikweni? Kodi palibe njira ina yopanda kukhudza mphakoyo? Ndipo n'chifukwa chiyani ntchito ya mano awiri okha ingatenge chaka chathunthu, pamene mphwanga anaikidwa implante m'nsagwada ya m'munsi n'kumaliza zonse m'miyezi inayi?

Dokotala wa mano wa mumzinda wa Tete anayankha kuti:

Aphunzitsi, zikomo chifukwa chofotokoza mwatsatanetsatane. Sindinaone m'kamwa mwanu kapena chithunzi chanu, choncho mawu omaliza akhale a amene akukuonani maso ndi maso, komabe zimene anakuuzanizo n'zomveka, ndipo ndiyesa kumasulira chifukwa chake.

Munthu aliyense ali ndi mphako ziwiri zoterezi, ina m'tsaya la kumanja ina la kumanzere, ndipo mwa munthu wamkulu iliyonse ikhoza kulowa madzi okwana pafupifupi mamililita 15, muyezo wa supuni imodzi yaikulu. Denga lake ndi fupa limene lili pansi pa diso, khoma lake limodzi ndi la mphuno, ndipo pansi pake ndi pamene pamathera mizu ya mano otafunira. Mkati monsemo munayalidwa kanembanemba kopyapyala kwambiri, kofanana ndi kamene mumakaona kuseri kwa chigoba cha dzira lowiritsa. Kanembanembako kamapanga mamina amene amatulukira pa kabowo kakang'ono kolowera m'mphuno, ndipo kabowoko kali cham'mwamba mwa khoma, osati pansi. Ndiye kuti mphakoyi imataya zinyalala zake chokwera mtunda, n'chifukwa chake kabowoko kakangotupa pang'ono zonse zimadikha mkati, tsaya n'kumalemera monga mmene mwafotokozeramu.

Dzino likazulidwa, fupa limene linkagwira mizu yake limayamba kutha chifukwa lilibenso ntchito. M'chaka choyamba chokha mulifupi mwake mukhoza kuchepa ndi theka, ndipo zambiri zimatha m'miyezi itatu yoyambirira. Pa nthawi yomweyo mphako ija imakula chotsika, kulowa m'malo amene munali mizu. Fupa lanu lakhala likudyedwa kumwamba ndi kunsi kwa zaka 7, ngati dimba limene lili pakati pa mitsinje iwiri, choncho mamilimita 4 si zachilendo ayi. Kuwonjezera apo, fupa la kumtunda chakumbuyo ndi lofewa ngati chinkhupule, pamene la m'nsagwada ya m'munsi ndi lothithikana ndi lolimba. Apa ndi pamene pagona kusiyana kwa inu ndi mphwanu.

Implante ndi kachitsulo ka titaniyamu kokhala ndi mazinga, ndipo sikagwira ndi guluu kapena simenti, koma fupa lenilenilo limamera n'kukakumbatira. Amene anatulukira zimenezi ndi Per-Ingvar Brånemark wa ku Sweden, ndipo munthu woyamba anamuika mano otere mu 1965 ku Gothenburg. Tizitsulo tambiri timatalika mamilimita 8 mpaka 12, ndiye mukhoza kuona nokha kuti kuzika kotere m'fupa lofewa la mamilimita 4 kuli ngati kuzika mzati wa nkhokwe m'dothi lofika m'kakolo.

Njira zokwezera mphako zilipo ziwiri. Imene anakuuzaniyo ndi yotsegula kawindo cham'mbali: timavundukula nkhama, timapala fupa mpaka kanembanemba kaonekere, timakasenda pang'onopang'ono kuchokera pansi n'kukakankhira m'mwamba osakang'amba, ndipo malo amene atsalawo timadzazamo ufa wa fupa. Choncho sitilowa mumphako mwenimwenimo, timagwira ntchito pansi pa kanembanemba, monga kulowetsa dzanja pansi pa mphasa. Njirayi inayamba ndi Hilt Tatum wa ku America m'zaka za m'ma 1970, ndipo Boyne ndi James anailemba m'magazini a zachipatala mu 1980, kotero si chinthu choyeserera. Njira yachiwiri, imene inafotokozedwa ndi Summers mu 1994, imadzera pabowo lomwelo lolowetsera implante, n'kukankha pansi pa mphako ndi mamilimita awiri kapena anayi okha. Imeneyi ndi yopepuka ndipo munthu satupa kwambiri, koma nthawi zambiri imafuna fupa losachepera mamilimita 5 kapena 6. Inu muli pamalire penipeni. Ngati fupa lanu lingathe kugwira kachitsulo osagwedera, ena amaika tsiku lomwelo la kawindo. Ngati silingathe, timadikira miyezi 6 mpaka 9 kuti ufa uja usanduke fupa, kenako timaika kachitsulo n'kudikiranso miyezi itatu mpaka 6 tisanaveke dzino pamwamba. Chaka chimene anakuuzanicho chachokera pamenepo.

Mayi a kunyumba muwalimbitse mtima, chifukwa diso lili kutali, kudenga la mphako, ndipo ntchitoyi imathera pansi. Zovuta zenizeni ndi zina. Chofala kwambiri ndi kung'ambika kwa kanembanemba, kumene kumachitika pafupifupi pa opaleshoni imodzi mwa zisanu za kawindo. Kakang'ambika pang'ono timamata ndi kachigamba kamene thupi limasungunula lokha, ntchito n'kupitirira, koma kakang'ambika kwambiri dokotala wanzeru amatseka n'kukuuzani kuti mubwerenso pakapita miyezi ingapo. China ndi matenda olowa mu ufa wa fupa uja, ndipo chachitatu, chosachitika kawirikawiri, ndi kachitsulo koikidwa m'fupa lochepa kusunthira mumphako, moti pamafunika dokotala wa mphuno, makutu ndi pakhosi kuti akachotse.

Pali zinthu ziwiri zimene ndikanachita ndikanakhala inu. Choyamba, chithunzi chachikulu chija n'chafulati ndipo chimakulitsa zinthu mosafanana, kotero musavomere kuboola popanda chithunzi cha CBCT, chimene chimaonetsa fupa mbali zonse zitatu. Chimenechi ndicho chimapereka mamilimita enieni, chimaonetsa timakoma ta fupa timene timagawa mphako mwa anthu ena, kamtsempha ka magazi kamene kamadutsa m'khoma la m'mbali, komanso ngati kanembanemba katupa kapena kabowo kaja katseka. Chachiwiri, kutseka kwa mphuno yanu kuchiritsidwe kaye. Popeza kumachitika mbali imodzi yokha, yomwe munali mano obooka, afufuzenso ngati palibe muzu wotsalira kapena dzino loyandikana lodwala, chifukwa matenda otupitsa mphako (sinusite) a mbali imodzi kawirikawiri amachokera kumano.

Mayi wa ku Moatize anayankha kuti:

Bambo aphunzitsi, ine ndinadutsamo, ndiye ndikuuzeni mmene zinalili kwa munthu wogona pampando uja. Ndinachitidwa njira ya kawindo ku Maputo, kumene kuli mng'ono wanga, pa dzino limodzi la kumanja. Sanandigoneke tulo, anangondibaya jakisoni wa dzanzi, ndipo ululu sindinaumve, koma ndinkamva kunjenjemera kwa makina m'mutu monse ndi kukankha pansi pa tsaya. Zinatenga nthawi yopitirira pang'ono ola limodzi. Tsiku lachiwiri ndi lachitatu ndi pamene ndinatupa mpaka diso kuchepa, timagazi tinkatuluka pang'ono m'mphuno ya kumanja, ndipo nthawi zina ndinkamva timibulu ngati mchenga palilime, timene adokotala anati ndi ufa wa fupa wotsalira m'mphepete mwa bala. Pofika sabata kutupa kunali kutatha.

Chimene chinandivuta kuposa bala ndi malamulo a pambuyo pake. Kwa milungu iwiri anandiletsa kumina, ndipo simungadziwe kuti munthu amamina kangati pa tsiku mpaka atakuletsani. Mamina ndinkangopukuta. Poyetsemula ndinkayenera kuyasama kuti mpweya utulukire m'kamwa, osatseka mphuno ndi dzanja monga tinazolowera pagulu. Anandiletsanso kumwa ndi kapaipi, kunyamula zolemera, kuwerama nthawi yaitali ndi kukwera ndege, choncho tikiti yanga yobwerera ku bwalo la ndege la Chingodzi ku Tete ndinaisintha n'kukhala kwa mng'ono wanga masiku ena. Chakudya chinali phala lozizira, mbatata yophwanya ndi mazira. Nditabwerera kuno ku Moatize, kumene fumbi lake mukulidziwa, ndinkavala chotseka pamphuno potuluka panja kwa mwezi wathunthu pofuna kupewa kuyetsemula.

Mufunsenso kuti ufa wa fupawo ndi wochokera kuti. Ine anandiikira wa fupa la ng'ombe loyeretsedwa mpaka kutsala mchere wake wokha, koma anandiuza kuti ulipo wopangidwa m'fakitale, ndiponso akhoza kupala fupa la mwiniwake pamalo ena m'nsagwada. Kwa ena nkhani imeneyi imakhudza chikhulupiriro, ndipo ndi bwino kuidziwa musanagone pampando.

Pa ndalama ndiye ndinaphunzira mowawa. Mtengo woyamba umene anandiuza unali wa kachitsulo kokha, ndipo kukweza mphako, ufa wa fupa, chithunzi ndi dzino lovekapo zinabwera pambuyo chilichonse ndi mtengo wake, osawerengera maulendo anayi. Pemphani kuti akulembereni zonse papepala limodzi, mametikali ake aoneke, ndipo mufunse amene adzalipire ngati kachitsulo kakana kugwira. Pomaliza akupatseni khadi lolembapo kampani imene inapanga implante yanu ndi kukula kwake, chifukwa tizipangizo ta makampaniwa sitilowana, ndipo tsiku lina kasikuluwu kogwirizira dzino pa kachitsulo kakadzamasuka dokotala wa pafupi ndi kwanu adzafuna kudziwa. Kwa ine zonse zinatenga miyezi 14. Lero ndimatafuna mtedza mbali imeneyo osakumbuka n'komwe kuti dzinolo si langa.

Mlimi wa ku Tsangano anayankha kuti:

Achimwene, ine maganizo anga ndi osiyana pang'ono, ndipo mundikhululukire ngati ndikubwezani m'mbuyo. Zaka zapitazo ndinazulitsa dzino la kumtunda lomaliza kumbuyo, ndipo muzu wake unali utalowa mumphako imene mukunenayo. Madzulo ake nditamwa tiyi ndinangoona akutuluka m'mphuno. Ndinaganiza kuti zitha zokha, ndinakhala miyezi iwiri ndili kumunda kukumba kachewere, mpaka mphuno inayamba kutulutsa mafinya onunkha moti ana ankandithawa. Nditapita kuchipatala anachita kutsuka ndi kusoka bowolo ndi nkhama ya m'mbali. Choncho ndikamva kuti munthu akufuna kupita dala kukagwiritsa malo amenewo, mtima wanga sukhala pansi.

Chimene ndikufuna muganizire ndi mtunda. Kuchoka ku Ulónguè kufika ku Tete ndi makilomita opitirira 200, ndipo mayi a ku Moatize akuti anayenda maulendo anayi zonse zitayenda bwino. Nanga tsaya likatupa usiku wa Loweruka, nthawi ya mvula, mudzakwera chapa iti? Ine ndilibe mano atatu akumbuyo, koma nsima, nyemba ndi nyama ndimadya bwinobwino ndi amene atsala. Mlamu wanga ali ndi mano ochotseka a pulasitiki okhala ndi tingowe, amavula usiku n'kuika m'kapu, ndipo ndalama imene analipira ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene ndikumva pano. Adokotala atiuze moona ngati munthu wa zaka 54 ayeneradi kukhala ndi mano onse.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè analembanso kuti:

Ndathokoza kwambiri nonse atatu. Adokotala, fanizo la dzanja pansi pa mphasa landichotsera mantha aakulu, chifukwa ine ndinkaona ngati adzaboola mpaka m'mphuno. Achimwene a ku Tsangano, funso lanu la chapa usiku wa Loweruka landigwira mtima, ndipo sindinaliganizirepo.

Pali zinthu ziwiri zimene sindinanene poyamba, ndipo ngakhale kwa adokotala aja sindinaulule chifukwa cha manyazi. Ndimasuta ndudu zisanu kapena zisanu ndi imodzi pa tsiku, ndipo zaka zitatu zapitazo anandipeza ndi matenda a shuga, amene ndimamwera mapiritsi ngakhale kuti kukayezetsa sindipita kawirikawiri. Kodi zimenezi zikusintha yankho?

Dokotala wa mano wa mumzinda wa Tete anayankhanso kuti:

Zikusintha kwambiri, aphunzitsi, ndipo mwachita bwino kunena. Mukabwerera kwa adokotala anu, muyambe ndi ziwiri zimenezi asanakufunseni n'komwe. Fodya amafinya timitsempha ta magazi ta m'nkhama, pamene ufa wa fupa uja umadalira magazi omwewo kuti usanduke fupa lamoyo, ndipo utsi umafooketsanso titsitsi ta pa kanembanemba timene timasesa mamina kupita kukabowo kaja. Mwa osuta, ma implante amakana kugwira pafupifupi kawiri kuposa mwa osasuta, ndipo malo amene vutoli limaonekera kwambiri ndi omwewa a kumtunda chakumbuyo. Ine sindikweza mphako ya munthu amene akusutabe. Shuga payekha saletsa, bola akhale wotsika mokhazikika. Musadalire kuyeza kwa chala kwa m'mawa umodzi, koma mupemphe kuyeza kwa HbA1c, kumene kumaonetsa mmene shuga wakhalira m'miyezi itatu yapitayo. Madokotala ambiri amafuna kuti akhale cha m'ma 7 peresenti, ndipo akapitirira 8 amayamba aimitsa kaye opaleshoniyo. Muwauzenso mankhwala ena alionse amene mumamwa, makamaka ochepetsa kuundana kwa magazi ndi olimbitsa mafupa.

Bambo a ku Tsangano afunsa funso loona, ndipo yankho lake n'lakuti ayi, munthu sayenera kukhala ndi mano onse. Katswiri wa ku Netherlands dzina lake Käyser anaonetsa mu 1981 kuti mano 20 okumana bwino, akutsogolo ndi ang'onoang'ono otsatira, amakwanira kutafuna kwa anthu ambiri, ndipo bungwe la World Health Organization linatchula chiwerengero chomwecho mu 1992. Zimene zinawachitikira bambo a ku Tsanganowa ndi bowo lotseguka pakati pa kamwa ndi mphako limene linakhala osasokedwa, ndipo n'zosiyana ndi opaleshoni yokonzekera, komabe phunziro la mtunda ndi lomwelo. Kwa inu palinso njira yapakati imene ndikanaifunsa: kuika implante imodzi yokha m'malo mwa ziwiri, pa mpata wakutsogolo, pamene nthawi zambiri fupa limakhala lochulukirapo. CBCT ikasonyeza mamilimita 5 kapena 6 pamenepo, kachitsulo kakafupi ka mamilimita 6 mpaka 8 ndi kukankha pang'ono kwa njira yachiwiri ija kukhoza kukwanira popanda kawindo. Dzino la m'munsi limene latalika lija alionenso msanga, chifukwa likapitiriza lidzadya malo a dzino latsopano, ndipo lingafunike kupalidwa pamwamba.

Ngati mudzasankhe kuchita, musaike tsiku mu June kapena July pamene mphuno yanu imatseka. Miyezi ikubwerayi ikhale yosiya fodya, kutsitsa shuga, kutsukitsa mano otsala ndi kuonana ndi dokotala wa mphuno, ndipo tchuthi chachikulu cha sukulu cha December ndi January chingakupatseni mpata wogona pafupi ndi chipatala sabata yoyamba yonse m'malo mobwerera ku Angónia tsiku lomwelo. Mutenge nambala ya foni ya amene akuchitani opaleshoni, ndipo muwaimbire nthawi yomweyo mukaona kutupa kukukula pambuyo pa tsiku lachitatu, thupi likutentha, mafinya kapena fungo loipa m'mphuno ya mbali imeneyo, kapena madzi akudutsa kuchokera m'kamwa kupita m'mphuno. Mukakajambulitsa CBCT, mupemphe kuti akukopereni chithunzi chonse pa flash osati pepala lokha, kuti dokotala wachiwiri athe kuyeza yekha mamilimita a mpata uliwonse musanalipire kalikonse.